Buku Lachiwiri la Chiswe

"Ikani pansi katoniyo," anatero amake Chiswe, ataima pakhomo la chipinda, tepi yoyezera ili m'khosi.

Amuna awo anali atainyamula kale paphewa. "Amake mwana, denga ladontha mpaka pansi ponse panyowa. Mabukuwa ayamba kuchita chuku. Ndikawapatse a Chipewa ogulitsa mabuku pasiteji aja, ena awerengeko."

"Ndati ikani pansi."

Anaika, akung'ung'udza.

Chiswe anali mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake, poti buku likangolowa m'nyumbamo ankalidya osasiya ndi tsamba lomwe. Nanga akanakhala mabuku a sukulu! Anali a zinjoka zamapiko, a mizinda yoyandama m'mitambo, a malupanga olankhula. Amake ankakalipa tsiku ndi tsiku. "Mabodza okhaokha awa! Mbale zili mbwee pasinki, iwe uli kwa mafumu a m'mwamba?" Mwanayo ankangokabisala kuseri kwa makina osokera n'kupitiriza.

Tsopano Chiswe anali kutali, ku ntchito ya unamwino, ulendo wake wofuna ndege. Ankaimba foni Lamlungu lililonse masana, osaphonya. Koma mafoni akewo, abale inu! "Muli bwanji amayi? Miyendo ija? Ababa ali bwanji? Mvula ikugwa?" Akayankha, zii. Wina kupuma uku, wina kupuma uko. Kenako, "Chabwino amayi, tidzalankhulananso." Amake ankamusowa mwana wawo, ndipo chowawa kwambiri n'chakuti ankamusowa ngakhale pamene akulankhula naye. Anayamba kuopa kuti tsiku lina foniyo idzangosiya kulira, popanda mkangano uliwonse, kungoti zokamba zatha.

Amake Chiswe anayanika mabukuwo pakhonde limodzilimodzi. Lonenepa kwambiri linali ndi chithunzi cha mtsikana atakwera chinjoka chamapiko. Anavala magalasi.

"Tione chimene chinkandibera mwana," anatero.

Ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, makina ali duu. Siketi ya kasitomala wina inagona masiku ili ndi mapini. Koma mutu unawazungulira. Anthu a m'bukumo ankalankhulana ngati odziwana kalekale. Ankalira maliro a munthu amene iwo sanamuonepo, ankakumbutsana za nkhondo imene sinalembedwe paliponse. Atatopa anakulunga bukulo m'nsalu n'kupita nalo kusiteji.

A Chipewa ankayala mabuku awo papulasitiki pafupi ndi pokwerera basi, miyala ili pamwamba kuopa mphepo. Chiswe anakulira pamenepo, atanjuta. Bamboyo atamva dandaulo anatembenuza bukulo n'kuseka mpaka chipewa chinagwa.

"Mayi Telala, mwalowera pawindo m'nyumba ya eni! Onani pamsana apa, nambala iyi: ili ndi lachitatu. Nkhani zoterezi zimabadwa motsatizana ngati ana. Inu mwayamba ndi mzime musanaone chisamba."

"Ndiye bwanji osalemba zonse pamodzi? Kuvutitsa anthu basi."

"Musakwiye. Ngati mukufuna lothera pomwepo, tengani ili, la mzinda umene umasamuka wokha chaka chilichonse, anthu kudzuka ali kwina. Kapena ili, lanu lenileni: mtsikana wosoka mitambo ikang'ambika. Mukaphunzirako masitayilo. Chiswe wanu analiwerenga katatu pompano, osagula."

"Sindikufuna ena. Ndikufuna a mwana wanga."

Loyamba analipeza pansi penipeni pa katoni, chikuto chitamatidwa ndi selotepi. Pamenepo nkhani inayenda bwino. Mtsikana uja anali woweta mbuzi chabe, wokhala ndi amayi ake m'mphepete mwa phompho. Anatola dzira, dziralo linaswa kanjoka, kanjokako kanamera mapiko. Amake Chiswe anapsereza kolala ya shati ndi simbi chifukwa cha kanjoka kameneko.

"Si inu munkati ndi mabodza?" anatero amuna awo, akusuzumira pakhomo.

"Ndi mabodzadi. Tsekani chitseko."

Kumapeto kwake mtsikanayo anaitanidwa kutsidya. Anawoloka pa mlatho wa nkhungu, amayi ake ataima kuno akumuyang'ana, ndipo atangoponda tsidya linalo mlathowo unasungunuka. Buku linathera pomwepo. Amake Chiswe anavula magalasi, misozi ili lengelenge. Anatsegulanso lachitatu lija, kusakasaka tsamba ndi tsamba. Mtsikanayo anali atakhala mfumukazi, koma za amayi ake munalibe ngakhale liwu limodzi.

Anakhuthula katoni yonse. Anayang'ana kunsi kwa bedi, pamwamba pa kabati, mpaka m'thumba la zidutswa za nsalu. Lachiwiri kunalibe. Anabwerera kusiteji.

"Lachiwiri?" A Chipewa anapukusa mutu. "Limenelo ndiye limasowa nthawi zonse, mayi. Wobwereka sabweza. Ine ndemwe sindinaliwerengepo."

"Ndiye palibe angandiuze ngati anabwerera kwa amake?"

"Alipo mmodzi. Munam'bereka nokha."

Lamlungu masana foni inalira. Miyendo ija, ababa, mvula. Kenako zii uja anafika monga mwa masiku onse. Amake anachita manyazi, inde, mayi wamkulu kufunsa za zinjoka. Koma anafunsa.

"Iwe Chiswe, mtsikana wa njoka yamapiko uja, atawoloka mlatho wa nkhungu, anadzabwereranso kwa amake?"



"Amayi? Mwati chiyani?"

"Wamva. Ndawerenga loyamba lonse, ndi theka la lachitatu. Ndinayambira kumapeto, a Chipewa anandiseka pamaso pa anthu, ati ndalowera pawindo."

Chiswe anaphulika ndi kuseka, kuseka kuja kwa kale kopanda ulemu, kotha ndi kutsokomola. Amake anali asanakumve chichokere iye. Kenako mawu anayamba kutuluka ngati madzi a pampopi. Kodi mwaona pamene kanjoka kanaba nyama pamoto? Nanga mkulu wa asilikali uja mukumuona bwanji? Musamukhulupirire ameneyo! Mukamaliza awa muyambe la chikuto chobiriwira, la mfiti yoopa mdima, mudzaseka mpaka nthiti kuwawa. La mfumu ya m'nyanja lisiyeni, n'lotopetsa, ndinangolimaliza chifukwa cha liuma.

"Mfiti ayi, m'nyumba mwanga muno ayi," anatero amake. "Koma sunandiyankhe. Lachiwiri lasowa. Ndafuna paliponse."

"Silinasowe, amayi." Mawu a Chiswe anatsika. "Lili pano pamutu pa bedi langa. Ndi lokhalo limene ndinanyamula pochoka. Ndikakusowani kwambiri ndimatsegula limeneli."

Amake anagwira m'mphepete mwa tebulo la makina. Zaka zonsezi ankaganiza kuti wosowa mnzake ndi iwo okha.

"Ndiye anabwerera?"

"Sindikuuzani. Munthu sauzidwa mathero, mumafuna kulowanso pawindo?"

"Mwana wopanda chisoni iwe. Ndidikire mpaka udzabwere nalo?"

"Ayi. Khalani pansi bwinobwino. Ndikuwerengerani mutu woyamba lero, wachiwiri Lamlungu likubwerali. Kapena Lachitatu, ndimaweruka msanga. Ndi lalitali, amayi, mitu yake ndi yambirimbiri."

"Lisathe msanga," anatero amake.

Anatsamiritsa foni pa makina osokera n'kukweza mawu. Kutsidyako kunamveka masamba akutembenuzidwa. Bambo a Chiswe analowa atanyamula buluku lofuna zipi, pakamwa patatseguka kale, koma akazi awo anawalozera mpando ndi chibwano. Anakhala, buluku lili pamiyendo, ndipo mwana wawo anayamba kuwerenga.