Mtengo wa Mphuno

Kubekari komwe ankagwira ntchito, dzina lawo lenileni linali litaiwalika kalekale. Aliyense ankangowatchula Amphuno. Zaka pafupifupi makumi awiri akuphika buledi, sanayang'anepo wotchi ya pa uvuni. Ankangoima pakhomo, kukoka mpweya kamodzi, n'kunena kuti, "Thireyi yam'munsiyo itulutseni, yam'mwambayo ipatseni mphindi zitatu." Ndipo zinkakhaladi momwemo. Mkaka woti usasa mawa ankaudziwa lero. Mnzawo akabwera kuntchito akutafuna chingamu kuti abise za dzulo, iwo ankamuuza mpaka mtundu wa mowa umene anamwa.

Loweruka lina masana analowa m'sitolo yaikulu kukagula sopo wochapira. Pakati pa mashelefu panali pataswekera botolo la mafuta ophikira, ndipo wokolopa wina wanzeru zake anali atawamwaza bwinobwino mafutawo ndi chikolopa mpaka pansi ponse panawala ngati galasi, iye n'kupita kukadya. Chikwangwani chochenjeza anthu chinalipo ndithu, chosungidwa mosamala m'chipinda cha kuseri kuti chisade. Amphuno anangoponda kamodzi, miyendo m'mwamba, nkhongo n'kukamenya matailosi. Atatsitsimuka anapeza manejala wa sitoloyo atawagwadira pambali, akufunsa ndi chifundo chachikulu ngati sopoyo anali atalipira kale.

Kuchipatala anagonako masiku atatu. Anawajambula mutu, nawauza kuti athokoze Mulungu chifukwa palibe fupa lasweka. Iwo anathokozadi. Anadabwa pang'ono kuti chipatalacho sichinkanunkha mankhwala, koma anangoti kaya masiku ano akukolopa ndi madzi okha.

Tsiku loyamba kubwerera kuntchito anapsereza buledi wa uvuni wonse ali chiimire pomwepo. Utsi ndi umene unawauza, utayamba kuwawa m'maso. Anzawo anaima kukamwa yasa, ngati aona nsomba ikumira. Amphuno anatenga buledi mmodzi wakuda bii, namuika pamphuno penipeni. Palibe chimene anamva. Anathamangira pa botolo la vanila, kenako pa yisiti, kenako pa bini ya zinyalala kuseri. Dziko lonse linali litasanduka madzi. Pakutha pa mwezi mwini bekari anawachotsa pa uvuni, nawaika pokulunga buledi m'mapulasitiki, ntchito imene ankapatsa anthu ongoyamba kumene, malipiro akenso a ongoyamba kumene.

Apa ndi pamene anatulukira alamu awo, mng'ono wa amuna awo. Alamuwo ankagulitsa matayala akale pafupi ndi khoti, ndipo malonda akavuta ankakakhala pa benchi ya kumbuyo kumvetsera milandu ya eni ake. Motero anali katswiri wa malamulo amene sukulu ya malamulo inangoiwala kumupatsa pepala. Anafika pakhomo atanyamula ndodo ziwiri zoyendera ndi chikolala chomangira khosi, chachikasu ndi thukuta la anthu ena.

"Alamu, mwayi sugwa kawiri, koma inu mwagwa nawo," iwo anatero. "Valani ichi."

"Khosi langa lili bwinobwino."

"Ndani wakufunsani za khosi? Chipukuta misozi chimafuna chinthu chooneka. Woweruza akaona ndodo, mtima umasungunuka. Ndiye inu mukalowe mukuyenda ngati msilikali, muzikati mphuno yafa? Maliro ake anachitikira kuti?"

"Sindinganame, alamu."

"Aa, iyi ndiye ngozi yachiwiri," anatero alamuwo akuyang'ana mkulu wawo. Amuna a Amphuno, amene pa nkhani zonse za m'banja ankakhala mbali ya amene walankhula komaliza, anagwedeza mutu kwa onse awiri.

Loya amene anamupeza anali mayi wochepa thupi, wokhala ndi ofesi pamwamba pa sitolo ya mankhwala, momwe mafayilo anali ataunjikana mpaka kutseka theka la windo. Anamvetsera osadula mawu, kenako anatambasula zala zitatu.

"Tiyenera kusonyeza kuti a sitolo analekerera, kuti kulekererako n'kumene kunakuvulazani, ndiponso kuti mwataya kanthu. Malisiti onse a kuchipatala musataye. Ine ndidzatenga gawo langa tikapambana. Tikagonja, tonse tidzalira ulere."

"Nanga ndodozi?" anafunsa alamu, amene anali atabwera osaitanidwa.

"Mukazibweze kwa mwini wake, mwina akukwawa."

Yankho la kampani ya inshuwalansi ya sitoloyo linatenga miyezi inayi, ndipo linali lolembedwa mwaulemu wosaneneka. Kampaniyo inati inali yachisoni kwambiri, koma kamera ya m'sitolo, imene inagwira ntchito chaka chonse, inali itapumula tsiku limenelo. Inati mwina mayiyo anavala nsapato zoterera. Inamaliza n'kunena kuti pa chithunzi chimene analandira, mphuno ya wodandaulayo inkaoneka kuti ilipo, pamalo pake.

Mwamwayi, kasitomala wina amene anali m'sitolomo anajambula zonse pa foni, osati kuti athandize, koma kuti anzake aseke. Kanemayo anali atazungulira mafoni a tauni yonse, ataikidwa ndi kanyimbo koseketsa pamene miyendo ikupita m'mwamba. Amphuno anamuonera kamodzi, nalira ndi manyazi. Loya anamuonera kasanu ndi kawiri akumwetulira, chifukwa mafuta ankaoneka, chikolopa chinkaoneka, chikwangwani chokha ndiye chosaoneka. A inshuwalansi ataona zimenezi anasintha nyimbo. Kugwa anavomera. Koma za mphunozo, anati, aliyense akhoza kunena. Mayiyo akapimidwe ndi dokotala wosankha iwo.

M'mawa wa tsiku lopimidwa, alamu anawaphunzitsa njira yonse m'basi.

"Chilichonse chimene akuikeni pamphuno, yankho ndi limodzi: sindikumva. Akabweretsa maluwa, sindikumva. Akabweretsa galu wakufa, sindikumva. Ngakhale akufunseni dzina lanu, yambani mwaganiza kaye."

Dokotalayo anali bambo wadazi, wosaseka, amene ankayang'ana wodwala aliyense ngati wakuba amene sanagwidwebe. Alamu anatsala pakhonde, koma chitseko chinali chosatsekeka bwino. Dokotalayo anawamanga Amphuno kansalu m'maso, nayamba kutsegula timabotolo.

"Ichi n'chiyani?"

"Sindikumva kanthu, adokotala."

Anali khofi. Chachiwiri anali makoko a lalanje, chachitatu sopo wosambira. Amphuno ankakoka mpweya ndi mphamvu zawo zonse, ngati munthu woitana mwana amene wasochera m'chigulu cha anthu, koma palibe chimene chinkabwera. Kabotolo kachinayi katafika pamphuno, anadzidzimuka n'kubweza mutu, misozi ili chuchuchu kunyowetsa kansalu kaja.

"Mayo! Chimenecho ndiye chandilasa!"

"Mwamva fungo?"

"Fungo ayi. Koma chikuwotcha m'mphuno ngati tsabola, mpaka m'maso."

Dokotala analemba kanthu, nawauza kuti azipita.

Pakhonde anapeza alamu atagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mwatipha! Liwu limodzi lokha ndinakupatsani, alamu, ngakhale mwana wa mkaka akanasunga. Munthu n'kukafika pakhomo pa chuma, n'kuyetsemula!"

Nkhaniyo inafika kwa achibale onse dzuwa lisanalowe. Apongozi awo aakazi, amene anali atasankha kale mtundu wa malata a nyumba yawo, anasiya kuwayankha moni. Amuna awo anati iwo sakuimba mlandu munthu, komabe pena munthu umafunika kumvera odziwa zinthu. Kwa milungu isanu Amphuno ankakulunga buledi amene sankamumva fungo, n'kumabwerera kunyumba kumene onse ankawayang'ana ngati munthu amene wagwetsa mphika wa ndiwo alendo ali pampando.

Tsiku lokambirana linafika. Anakumana m'chipinda chozizira cha kampani ya inshuwalansi, chokhala ndi tebulo lalitali loti anthu asagwirane pakhosi. Mbali inayo kunakhala bambo wa inshuwalansi wovala suti yotuwa. Loya anatsegula lipoti la dokotala wa kampaniyo, nawerenga pang'onopang'ono ngati akudya chinthu chokoma.

"Kabotolo kachinayi munali amoniya. Ameneyu salowera njira ya fungo, amaluma mnofu wa m'mphuno, ndipo ngakhale munthu amene mphuno yake inafa amamumva kuwawa. Onama ambiri amagwidwa pamenepa, chifukwa amaumirira kuti sakumva kanthu misozi ikutsika. Mayiyu akunena zoona, ndipo sindikuona kuti adzachira."

Alamu, amene ulendo uno analoledwa kukhala pakona atalonjeza kusatsegula pakamwa, anatsokomola.

"Ndi zimene ndinkawauza ine," anatero. "Chilungamo basi."

Wa inshuwalansi sanagwedezeke. Anatulutsa pepala lokhala ndi mndandanda wa ziwalo za munthu, chilichonse ndi peresenti yake, ngati mitengo ya m'butchala. Mwendo unali pamwamba, diso pafupi nawo, chala chachikulu pakati. Kununkhiza kunali pansi penipeni, moyandikana ndi chala chaching'ono cha kuphazi.

"Tisaiwalenso, mayi," iye anatero mokoma, "kuti pali ubwino wake. Zimbudzi za m'misika, ngalande, thukuta la m'basi, inu zonsezo mwapumula. Enafe tikuvutika nazobe."

Amphuno anamuyang'anitsitsa bamboyo. Anaika manja patebulo.

"Zikomo pondiuza mwayi wanga, bambo. Sabata yatha gasi anatsala wotsegula kukhitchini, ine ndili momwemo ndikusita, machesi ali m'thumba. Anandipulumutsa ndi aneba. Chakudya ndimadya chifukwa nthawi yakwana, zonse zimakoma ngati katoni. Ndikavala diresi ndimayamba ndafunsa mwana wanga ngati likununkha. Ntchito imene ndinaidziwa kuposa aliyense anandichotsa, pano ndimamanga mapulasitiki. Ngati mwasilira, sitolo ija ikadalipo, mafutanso akugulitsabe. Mukagwe chagada, mulunjike nkhongo."

Loya anayang'ana kudenga kuti asaseke, kenako anakankhira patsogolo kalata ya mwini bekari yonena za malipiro akale ndi atsopano, nawerengera zaka zimene zinatsala kuti Amphuno apume pantchito. Anawonjeza kuti ngati kampaniyo ikufuna, kanema uja akhoza kukaonetsedwa kukhoti, pamodzi ndi kanyimbo kake. Wa inshuwalansi anatuluka kukaimba foni kawiri. Pobwera kachiwiri, mphuno inali itakwera mtengo kupitirira chala chachikulu.

Ndalamazo zinabwera patatha miyezi ina itatu. Sizinali zogulira galimoto monga momwe abale ankalotera, koma loya atatenga gawo lake zinakwanira kusintha chitofu cha gasi kugula chamagetsi, kulipirira mwana wawo wotsiriza sukulu, n'kusungako zina kubanki m'dzina lawo okha. Achibale anapeza chifukwa chatsopano chokwiyira, ndipo alamu anayamba kuuza anthu ku matayala kuti mlanduwo anauyendetsa ndi iwo.

Chaka chimenecho mwana wawo wamkazi woyamba anabereka. Banja lonse linagwirizana msanga, popanda wotsutsa, kuti ntchito yosintha matewera ndi ya agogo, poti Mulungu anawakonzeratu. Amphuno sanakane. Masana ena atamusambitsa khandalo, mayi wake anamunyamula n'kukwirira nkhope pa kaliwombo.

"Amayi, koma ndiye kakununkhira! Tamvani."

Anazindikira mawuwo atatuluka kale, nagwira pakamwa. Amphuno analandira mwanayo, naika mphuno pamutu pake, nakhala choncho kanthawi. Anamva kufunda, ndi katsitsi kofewa kakuwagirigisha pamlomo.

"Tandiuza," iwo anatero. "Akununkhira ngati chiyani?"

Mwana wawoyo anaganiza, nayesa kufotokoza. Anati ngati mkaka, koma osati mkaka weniweni. Anati ngati nsalu yoyanika padzuwa. Amphuno anamuuza kuti sakudziwa kufotokoza zinthu, ayambirenso.