Mvula ya M'sitolo ya Omar

Dailes anawakhazika atate ake pa mpando wapulasitiki pakati pa sitolo, pomwe mwini wake, Omar, anachonga pansi ndi choko. Kunja dzuwa la Okutobala linali kuwamba malata a ku Down Shops, ndipo fani ya kudenga inkangobzikula mpweya womwewo ngati ng'ombe yokhuta.

A Paison, atate akewo, anakhala mowongoka, ndodo pakati pa miyendo. Shuga anawadya maso monga chiswe chimadyera mtanda wa nyumba: kunja kuli bwinobwino, m'kati mwatha. Dailes anakawatenga kumudzi kwawo ku Madzimoyo atamva kuti agwera m'dzenje la zinyalala, ndipo chibwerereni m'tauni, moni wawo wa m'mawa unali umodzi: "Undiperekeza liti kwathu?"

Iye ankangosintha nkhani. Kwake ku Kalongwezi anali ndi madzi a m'nyumba, chipatala pafupi, ndi TV yaikulu imene atate ake ankaifulatira. Mnzake wa kuntchito ndiye anamuuza za masipika ozungulira munthu, oti ukatsinzina umayesa uli m'bwalo la mpira. Dailes anati mumtima, ngati maso akana, dziko ndiwabweretsera m'makutu. Akamva kukoma, za kumudzi aziiwala.

"Achemwali, sipika iyi yaitali ngati mpini mumangoigoneka pansi pa TV, basi," anatero Omar, akukonza kofia yake. "Ndi ya anthu aulesi. Nyumba ya kanema yeniyeni ndi awa, asanu aang'ono ndi mkulu wawo." Anasisita chibokosi chakuda chomwe chinali pansi. "Ichi ndi wufa. Sichilankhula, chimangobuula. Yapakati ndiyo ya mawu a anthu. Awiri kutsogolo, awiri kumbuyo kwa mpando."

"Kumbuyo?" anafunsa a Paison. "Wolankhulira kumbuyo kwa munthu ndi wamiseche."

"Kapena apongozi, madala."

"Awo ndinaika kalekale. Musandidzutsire."

Omar anaseka mpaka kutsamira kauntala. Dailes sanaseke. Maso ake anali pa mawaya oyenda pansi ngati mpuludwa.

"Nanga awa? Munthuyu saona. Akapunthwa?"

"Timakhomerera m'mbali mwa khoma. Alipo opanda mawaya, koma nawonso amafuna soketi yawoyawo."

"Ndili pompano, Dailes," anatero a Paison. "Funsa ine ngati ndimapunthwa."

Omar anatseka chitseko, phokoso la msewu n'kutsala panja. "Ena ndimawaikira kanema ya nkhondo, koma madala angandithyole ndi ndodo. Imvani iyi." Anadina limoti.

Poyamba kunabwera kamphepo, kumanzere, kakukwekwereza masamba ouma. Bingu linang'ung'udza kutali, osati m'makutu koma pansi pa mapazi, ngati nthaka yatembenuka m'tulo. Kenako dontho, kumbuyo. Lina. Ena atatu. Mvula inachokera kumsana, n'kudutsa pamwamba pa mitu yawo, n'kukagwa kutsogolo, ndipo mashelefu a mawayilesi ndi maketulo anaoneka ngati akusuntha kupita kutali, kusiya anthu atatu pakati pa thengo.

Dailes sanayang'ane kanemayo. Ankayang'ana atate ake. Chibwano chawo chinakwera pang'onopang'ono. Makwinya a pamphumi anamasuka. Anatambasula dzanja, chikhatho kumwamba.

"Yafulumira chaka chino," ananong'ona. Kenako anakuwa, kuitana mlongo wawo amene amakhala nyumba yoyandikana nayo kumudzi: "Sesiliya! Nkhokwe sitinafolere! Tenga pepala lakuda lija, fulumira!"

Ndodo inagwa. Anaimirira n'kutembenukira kumene mvula inachokera, ndipo anaponya phazi lalitali, losafunsa, phazi la munthu wodziwa pamene pali mtondo, pamene pali khola, pamene mwala watuluka m'nthaka. Dailes anali ataiwala kuti atate ake amayenda chonchi. Kunyumba kwake m'tauni, iwo ankapapasa khoma ngati mlendo, ngakhale madzi akumwa ankachita kupempha.

Anaima pafupi ndi sipika ya kumbuyo, dzanja lidakali m'mwamba, louma. Anakoka mpweya ndi mphuno kawiri.

"Ilibe fungo," anatero.

Omar anatsitsa mawu a masipika msanga. "Pepani, madala. Sindinaganize."

"Ayi, isiyeni igwe. Amene anaikola mvula imeneyi ndi katswiri." A Paison anapendeketsa mutu, kumvetsera. "Koma si yathu. Iyi ikugwera pa masamba aakulu, kwa eni ake. Yathu yoyamba imagwera pa fumbi. Imamveka fu, fu, ngati nkhuku zikusamba."

Dailes anatola ndodo ija, koma sanawapatse. Masipikawo anali abwino, ndipo akanatha kuwatenga tsiku lomwelo. Anaona m'maganizo mwake pabalaza pake: asanu aang'ono pamakoma, mawaya okhomereredwa mwaudongo, ndi atate ake pakati, otetezeka ngati mbuzi ya pachikhomo. Ndipo tsiku lililonse mvula ikagwa m'mabokosimo, adzadzambatuka kuthamangira nkhokwe imene kulibe.

Koma dzenje lija nalonso linali loona. Magazi pa malaya awo tsiku lija anachapa ndi iyeyo.

"Atate, mukakagwanso?"

"Ndikagwa, ndigwera pa dothi londidziwa. Dzenje mukwirire. Sesiliya andimangire chingwe kuchokera pakhomo kukafika kuchimbudzi, china kukafika kumunda. Mankhwala uzinditumizira pa minibasi." Anatembenukira kumene kunali mwana wawo. "Sikuti nyumba yako njoipa, mwanawe. Koma kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka."

Mvula ya m'mabokosi inali kukata, madontho otsiriza akugwa apa ndi apo kuseri kwa makatoni. Dailes anamva mkwiyo ukukwera, mkwiyo wa munthu amene wakonza mphasa yabwino mlendo n'kusankha kugona pakhonde. Unafika pakhosi n'kubwerera wokha. Anawagwiritsa ndodo m'dzanja.

"A Omar, alipo masipika oyendera sola?" anafunsa Dailes.

Omar anayang'ana mwana, n'kuyang'ana bambo. Anakwera pa sitepe n'kutsitsa katoni yaing'ono: masipika awiri, wayilesi ndi batire m'kati momwemo, kagalasi ka dzuwa koponya padenga.

"Koma awa sazungulira munthu, madala. Amangolankhula kumaso."

"Ndi amenewo aulemu. Zondizungulira ziliko kale. Nkhuku, adzukulu, ndi pakamwa pa Sesiliya. Wufa wanuyu sangafikepo."

"Tipita Loweruka," anatero Dailes, mawu ake ali ouma. "Ndipo ndikapeza mukumwa thobwa la shuga, ndikunyamulaninso."

"Wamva, Omar? Uyu ndiye bingu."

Atatuluka, kutentha kunawakumbatira pakhomo pomwepo. A Paison anakana kuti mwana wawo anyamule katoniyo. Anaipanira m'khwapa, dzanja lina pa chigongono chake. Atayenda pang'ono anamuimitsa.

"Tatsinzina."

"Atate, tili pamsewu."

"Tsinzina, iwe."

Dailes anatsinzina. Belu la njinga ya kabaza linadutsa kumanja, n'kutha. Kumbuyo wina ankakokera thumba la mpunga pa simenti. Kutsogolo kondakitala ankaitanira anthu opita ku Mwami ndi mawu osasa, ndipo pamwamba pa zonsezo, kuchokera ku mzikiti, mawu oitanira mapemphero a masana anatambasuka pang'onopang'ono ngati nsalu yoyanikidwa pa tauni yonse. Anamva dzanja la atate ake likumukoka, ndipo anaponya phazi limodzi, kenako lina, mumdima wofunda wofiirira wa zikope zake.

"Basi, tsegula," anatero a Paison. "Tingagwere m'ngalande tonse awiri."

Koma Dailes anachedwako pang'ono kutsegula maso.