Mfuti Yomwe Chithumwa Sichinkaidziwa

Sitolo yanga ya mfuti ili kuseri kwa msika, pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa makandulo a ku tchalitchi. Adandisiyira ndi malemu mwamuna wanga Delfin, pamodzi ndi mbiri yoti ndine mkazi wapakamwa. Sindikana. M'tauni yathu ino ya kumapiri a Cavite aliyense amanditchula Tiya Pacing, ndiko kuti azakhali Pacing, ngakhale amene ndidawathamangitsapo pa kauntala.

Lachitatu la Sabata Yoyera ndinkafuna kutseka msanga. Azimayi a pa kachalichi anali atayamba kuimba masautso a Ambuye pa chimkuzamawu, usana ndi usiku osapuma, ndipo nyimbo imeneyo imandilowa m'mano. Ndikukoka chitseko, anatulukira Luningning, mwana wa mchimwene wanga, bambo akewo ali pambuyo, Kuya Ambo, poti mchimwene wamkulu kwathu timamuti Kuya.

Ning, monga timamutchulira, ndi mphunzitsi. Chaka chapitacho adaona anthu awiri a pa njinga yamoto akuwombera mkulu wa alimi a khofi pa geti la sukulu. Aphunzitsi anzake onse adati nthawi imeneyo ankafufuta bolodi, koma iye adakaperekera umboni kukhoti. Chiyambire pamenepo njinga yamoto yakuda inkaima tsidya lina la msewu nthawi yoweruka, injini ikulira, okwerapo osavula zipewa zawo. Mwanayo anali atawonda, maso atalowa m'kati. Mapepala aboma omulola kuyenda ndi mfuti anali atatheka, kunangotsala kusankha.

Ndinayala nsalu pa kauntala n'kugonekapo timfuti tiwiri tobisa m'chiuno.

"Iyi ndi yachitsulo yonse," ndinatero. "Imalemera, izikukokera siketi pansi, ndipo thukuta lathu lino limaidyetsa dzimbiri ukapanda kuipukuta tsiku ndi tsiku. Koma ukawomba siidumpha, imangokhala phee m'manja. Inayi thupi lake ndi la pulasitiki. Umaiwala kuti waivala, mvula siiopa, koma imakankha dzanja ngati mwana wa mbuzi."

Ning analowa kuseri kwa katani n'kuyesa yachitsulo pansi pa bulauzi ya yunifolomu. Anatuluka akuyenda chopendekera.

"Iyi ana a m'kalasi mwanga aiona tsiku loyamba, Tiya. Aja amaona ngakhale ndikasintha ndolo."

"Tenga yachitsuloyo," anatero Kuya Ambo. "Inayo si mfuti, ndi beseni. Ukufuna kukaopseza zigawenga ndi chochapiramo mbale?"

"Kuya, mukadzayamba kuvala bulauzi mudzabwere mudzasankhe yanu," ndinawayankha. "Lero wamva m'mimba ndi uyu, musiyeni atsekule yekha chitseko."

Anaseka, koma dzanja lawo linali pachifuwa, pamene pamakhala chithumwa chathu. Ndi kamendulo ka mkuwa ka ngodya zitatu, kokhala ndi diso pakati ndi pemphero lozokotedwa kumbuyo. Agogo athu aamuna adalowa nako kunkhondo n'kubwerako opanda ngakhale chipsera. Chaka chilichonse Lachisanu Loyera, 3 koloko masana, nthawi imene Mulungu amakhala atafa ndipo amuna okhwima amayesa zithumwa zawo, Kuya Ambo ankaima kumunda kwawo chifuwa chili pamtunda, mnzawo n'kuwalozetsa mfuti yakale ya agogo. Inkangoti khethe, basi. Ine ndimakonza mfuti, ndipo imeneyo ndidaiphwasulapo kangapo kufuna kuwagwira chinyengo. Inalibe vuto. Chokhacho, chipolopolo chikatulutsidwa chinkakhala chozizira ndi chonyowa ngati chatoledwa m'chitsime, ndipo sichinkaphulikanso. Sindinkazikonda, koma ndidaziona ndi maso angawa.

"Mfutiyo ndi yongokulimbitsa mtima," Kuya Ambo anauza mwana wawo. "Lachisanu ndikuveka ichi. Yakwana nthawi yoti chisinthe khosi."

Ning anasendera pa kauntala. Anagwira ya pulasitiki ija n'kuitembenuza, kenako n'kuyang'ana bambo ake.

"Tay, amene adawombera pa geti aja mfuti yawo inali ngati iyi. Ndidaiona bwinobwino. Chithumwa chanucho chimaidziwa?"

 Ndinayesa kupeputsa nkhani. Ndinati mfuti ndi mfuti, paipi yake m'katimo ndi yachitsulo chimodzimodzi, pulasitiki ndi chovala chabe. Kuya Ambo sanandimve n'komwe. Ananyamula yachitsulo n'kuiyandikiza pachifuwa.

"Wamva? Chazizira. Chikamva chitsulo chimazizira mpaka kupweteka fupa."

Anaiika pansi n'kutenga inayo. Anaigwira pamenepo nthawi yaitali, maso ali psii, ngati munthu womvetsera mapazi panja.

"Palibe," anatero chapansipansi. "Ngati ndanyamula buledi."

"Ndiye kuti chiyani, Tay?"

"Pempheroli limatchula chitsulo, mkuwa ndi mtovu. Limaitana mfuti ndi thupi lake. Nthawi ya agogo izi kunalibe." Anandiyang'ana. "Mugulitse imeneyi, Pacing. Tiyiyesa Lachisanu."

Ndinawatukwana. Ndinawauza kuti ukalamba wawalowa kumutu, kuti bala la Lachisanu Loyera silipola, kuti ngati akufuna kuyesa akoloweke chithumwacho pa nthochi kapena pa mbuzi ya aneba yomwe imandidyera maluwa. Anadikira mpaka mpweya unandithera.

"Chithumwa sichiteteza nthochi, iwe. Chimafuna mtima wogunda pansi pake. Ndimupatse mwana wanga ambulera imene sindidaionepo pa mvula? Akatuluke nayo kukakumana ndi anthu aja ine ndili ndi mawu oti 'mwina' m'kamwa?"

Nanenso 'mwina' ameneyo ndinali naye. Choipitsitsa chinali chakuti mwambo wake umati tsiku losintha khosi, wowomba akhale wolandirayo.

Lachisanu kunacha kopanda mphepo. Nyimbo ya azimayi inali itatha, ndipo ndinaisowa, ine amene ndinkaida. Mumsewu munalibe njinga yonyamula anthu ngakhale imodzi, mawailesi onse anali ozimitsa, agalu atagona pansi pa magalimoto. Ndinakwera wapansi kupita kumunda, dzuwa likuswa mtengo, chikwama chikundimenya m'nthiti.

Ndinawapeza pa bwalo loyanikira khofi. Panali Kuya Ambo, Ning, ndi nkhalamba ziwiri zimene zinkabwera chaka chilichonse kudzachitira umboni. Mphika wa mbatata ndi nthochi zophika mu mkaka wa kokonati unali pambali, wosavundukula. Ndinapempha kuti ine ndiike chipolopolo, poti ndine wodziwa. Ndinali nditabwera ndi chopanda wonga, chija timaphunzitsira nacho makasitomala. Kuya Ambo anatambasula dzanja, ndipo ndinalibe kuchitira mwina koma kuwapatsa. Anachigwedeza pafupi ndi khutu n'kuchiponya m'tchire.

"Pacing, ukufuna undipulumutse ine lero kuti mwana adzafe ali ndi chidaliro?"

Anasankha okha china m'bokosi, n'kundiyang'anira ndikuchilowetsa. Kenako anavula malaya n'kukaima patsogolo pa mtengo wa mango. Ndinaona kuti akalamba. Nthiti zinkawerengeka, ndipo kamendulo kaja kanali lende pakati pa tsitsi loyera la pachifuwa.

Ndinamupatsa Ning mfutiyo.

"Tay, sindingathe. Tiyeni tingosiya. Ndisamukira ku Manila, ndikakhala kwa achemwali anga, Ate Remy."

"Manila kulibe njinga zamoto? Imirira bwino. Mapazi utalikitse monga anakuphunzitsa azakhali ako apakamwawa."

"Mukafa?"

"Ndikafa udziwa kuti usachidalire. Imeneyonso ndi mphatso."

Mabelu salira tsiku limeneli. Tinangomva kugogoda kwa matabwa kuchokera ku tchalitchi kumunsi, kouma, kobwerezabwereza. Nkhalamba zija zinavula zipewa. Kuya Ambo anayamba kunong'ona pemphero lawo, n'kugwedeza mutu. Ine ndinatsinzina, sindinama.

Khethe.

Nditatsegula maso anali chiimire, akumwetulira mano onse panja. Nkhalamba imodzi inaseka mokweza n'kudzilemba mtanda. Ine ndinamugwira Ning dzanja msanga n'kulozetsa mfutiyo pansi, chifukwa chipolopolo nthawi zina chimachita ulesi n'kuphulika patapita kamphindi. Tinadikira. Nkhalamba ina inayatsa ndudu n'kuisuta mpaka kutha. Sipanachitike kanthu.

Ndinamulanda Ning mfutiyo kuti ndiitsegule, koma inakana. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, osasuntha. Ndiye ndinazindikira kuti sinazizire. Inali yofunda m'manja ngati kamwana ka nkhuku, chonsecho sinawombe. 

"Kuya, taimani kaye. Pali china chake."

"Aa, iwe, ukapanda kupeza cholakwa sugona. Isiye apo."

Ndinaigoneka pa tebulo losankhira khofi, kukamwa kwake nditalozetsa ku nthochi, kumbuyo kwa tonsefe. Izi ndikhoza kulumbira pamaso pa aliyense. Kuya Ambo anali uku, mfuti inayang'ana uko.

Anaitana mwana wawo kuti agwade. Anagwira chingwe cha chithumwa ndi manja awiri n'kuyamba kuchikweza pang'onopang'ono. Chinadutsa chibwano, chinadutsa makutu. Chitangochoka pamutu, mfuti ija inalira pa tebulo popanda woikhudza.

Masamba a nthochi sanagwedezeke ndi limodzi lomwe. Kuya Ambo ndi amene anadzandira. Pachifuwa pawo, pa kachigamba koyera kamene mendulo idaphimba kudzuwa zaka zonsezi, panali bowo laling'ono. Analiyang'ana ngati munthu amene wakumbukira chinthu mochedwa. Sanagwe msanga. Anamaliza kutsitsa chingwecho pakhosi pa Ning, n'kuchikonza bwino kuti chisapotoke.

"Usavule," anatero. "Mfuti ya pulasitiki chithumwachi sichiipha. Chimangoiuza kuti idikire."

Atatero anakhala pansi, n'kutsamira mtengo wa mango. Ning anakuwa mpaka mawu kutha, koma tsiku limenelo palibe galimoto imene ikanatitengera kuchipatala nthawi yabwino. Apolisi adalemba kuti inali ngozi, ndipo nkhalamba zija zidavomereza. Ine ndidalira mwezi wathunthu, ndikuwatukwanabe m'maliro momwemo chifukwa cha kuuma mutu kwawo.

Anthu a njinga yakuda aja adabwera ndithu sukulu itatsegulidwa. Adamupeza Ning pa geti, wakumbuyoyo n'kumulozetsa mfuti pafupi moti akanamugwira phewa. Wogulitsa zokazinga pamenepo akuti adangomva khethe, khethe, khethe, kenako njinga n'kuthawa. Adayesanso kumsika, kutsogolo kwa sitolo yangayi, ndi mfuti ina, ine ndikuona pawindo. Zidatha chimodzimodzi. Kuchokera pamenepo sadaonekenso, ndipo tauni yonse imati Ning ndi wodala. Azimayi amamubweretsera makanda kuti awagwire pamutu.

Omutcha wodalawo sadziwa kuti chithumwacho amasamba nacho, amagona nacho, ndipo salola mwana wa sukulu kumukumbatira m'khosi. Mfuti yake ya pulasitiki amayenda nayobe pansi pa bulauzi, koma sindikhulupirira kuti amaikumbuka. Chimene chimamudya ndi chingwe, poti mfuti zonse zidangoti khethe pa iye zija zikungodikira kuti chiduke. Ndi chomwe chija cha nthawi ya agogo, chakuda ndi thukuta la amuna atatu, ndipo kabowo ka mendulo n'kakang'ono, sikalola china kulowa pambali pake. Ndidamuuza kuti agwirire menduloyo pachifuwa ine ndidule chakalecho n'kumanga chatsopano, ntchito ya kamphindi. Adandiyang'ana ngati ndapenga.

"Tiya, bambo anga idawawomba chithumwa chikadali m'manja mwawo."

Ndiye Loweruka lililonse amabwera kusitolo, n'kukhala pa mpando kuseri kwa katani, kuti ndimuonere kumbuyo kwa khosi kumene iye sangaone. Sabata yatha nditapatula tsitsi lake ndinapeza kuti pafupi ndi mfundo patsala tiulusi toti nkhuku ingadule ndi mlomo.

"Chili bwanji, Tiya?"

Ine amene pakamwa sipandisowa mawu, ndinachedwa kuyankha. Anamva kuchedwako. Anasiya kupuma, n'kukweza manja onse awiri pang'onopang'ono kugwira pakhosi.