Anabanda Anamva

Ndinalota akazi anga, malemu Anabanda, masana dzuwa lili paliwombo, nditagona ndi buku la zaumoyo kumaso. Ine dokotala wa sitandade faifi ndinali nditangowerenga kuti munthu akamatsirizika, makutu ndiwo amamalizira kugontha. Chaka chonse ndakhala ndikudzifunsa ngati anamva zimene ndinawanong'oneza m'chipatala, anamwino atanena kale kuti sakuzindikiranso kanthu.

M'malotomo bedi la m'chipatala linali pakati pa munda wa mtedza, dothi likununkhira mvula yoyamba. Adzukulu okumba manda anali atataya makasu, akuvina. Anabanda anakhala tsonga akusenda chinangwa, phazi lawo lofunda lili pamwendo panga.

"Anabanda, munamva kodi?"

"Ndinamva, bambo a Chisomo. Zaka makumi atatu osanena kuti mumandikonda, n'kudzanena ndili ndi mapaipi m'mphuno? Munabwerezanso kanayi, mpaka mayi wa pabedi linalo anafunda kumutu!"

Tinaseka mpaka misozi, ndipo ndinadzuka ndikusekabe, tsamba la bukulo litanyowa. Kaya ndi zowerengazi zandisokoneza mutu, kaya anabweradi, sindikudziwa. Koma zoti ndinabwereza kanayi n'zoona, ndipo sindinauzepo munthu.