Belu la ku Maenje

Kale ku Maenje kunalibe mudzi. Ukachoka ku Malindi n'kukwera mapiri ngati ukupita kumalire, unkangopeza misuku ndi matanthwe. Anthu anayamba kumangako misasa atatulukira timiyala tofiira pansi pa nthaka, tija amagula amalonda a ku tauni ya Mangochi. Aliyense ankakumba dzenje lake, lopapatiza ngati chitsime, kenako n'kulowera cham'mbali kutsata kumene miyala yapita.

Tchalitchi choyamba anamanga ndi a Ambrose, bambo wa Angilikani amene anakulira pa mishoni ku Malindi. Msana utawakana kukumba, anaumba njerwa, anafolera, n'kuyamba kutsogolera mapemphero. Belu analibe, ndiye anapempha chitsulo cha gudumu la lole imene inafera pachitunda, n'kuchipachika pamsuku. Lamulungu ankaliimba belulo modekha. Koma dzenje likagumukira munthu, ankalimenya mofulumira osalekeza, ndipo aliyense ankataya chimene wagwira n'kuthamangirako ndi khasu.

Nkhondo itakula ku Mozambiki, kunafika othawa. Ufa wa kumsasa wa boma sunkakwana, choncho ambiri anabwera kudzakumba nawo, mpaka anachuluka kuposa eni malo. A Ambrose anawalandira ndi manja awiri, n'kuwapatsa mabenchi a kutsogolo. Koma alendowo sanakhalitse. Anakamanga chisakasa chawo chaudzu kumunsi, pafupi ndi maenje, ndipo poitanirana mapemphero ankaomba ng'oma.

A Ambrose zinawapweteka. "Aroma ndi choncho," ankatero. "Mulungu wathu amuona kuchepa."

Si chimenecho ayi. Kumudzi kumene anthuwa anachokera kunali chitsulo chonga chomwecho, chopachika pasukulu, ndipo chinkalira pokhapokha wina akaona anthu a mfuti akubwera. Ngakhale kulira kodekha kwa Lamulungu kunkachititsa ana kudzikodzera pabenchi. Koma mlendo sanyoza belu la mwini mudzi, ndipo za kwawo sankazikamba ndi munthu.

Mmodzi wa iwo anali Rosa, mkazi wa Lourenco. Ana awo anatsala m'njira pothawa, ndipo anangotsala awiriwiri.

Chaka chimenecho mvula ya chizimalupsa inagwa yamphamvu, n'kuulula kuti denga la chisakasa ladontha paliponse. Anagwirizana zofolera Lachisanu. M'mawa wa tsikulo Rosa anapeza mwamuna wake akunola piki pamwala.

"Nanga udzu mukafolera ndi piki?"

"Ndibwera dzuwa likafika pamutu," anatero Lourenco. "Dzulo tinaona mzere wabwino wa miyala. Ndikausiya, auona anzathu a maso aatali aja."

"Nthaka yanyowa, bambo."

"Yanyowa pamwamba. Pansi ndi pouma ngati mtima wa apongozi."

"Amayi anga muwasiye apume. Akanakhala pano akanakukwezani padenga ndi chikoti."

Lourenco anaseka, n'kunyamula piki. Willard, mnzake wa ku Malawi konkuno amene ankakoka ndowa pamwamba, anali akumudikira panjira.

Tsikulo kumudziko kunali zii. Asilamu anali atatsikira ku mzikiti wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo eni malo ena anali kuminda yawo kudambo, kutali, kukonza mizere. Koma pachisakasa panali anthu ochuluka. Amuna ena anali padenga, ena ankakumba ngalande yoti madzi asamalowe m'kati. Makasu ndi mafosholo anali mbwee. Kuchoka pamenepo kufika pa dzenje la Lourenco, mawu a munthu ankafika bwinobwino. Rosa ankapereka mitolo ya udzu pamodzi ndi mnzake Rute, amene anali ndi mwana kumsana.

Dzuwa lisanafike pamutu, belu linalira.

Silinalire la Lamulungu. Linali lija lothamanga, losapuma.

Palibe amene anafunsa. Amuna anadumpha padenga ngati zipatso zogwa ndi mphepo. Makasu anatayidwa. Rute anagwa, anadzuka, anathamanga mwana akugwedezeka kumsana. Palibe anakuwa, poti anaphunzira kalekale kuti wothawa sakuwa. Rosa sanadziwe n'komwe nthawi imene miyendo yake inayamba. Anangozindikira ali pakati pa phiri, minga itam'ng'amba chitenje, atabisala kuseri kwa thanthwe, akudikira kulira kwa mfuti.

Mfuti sinalire. Anasuzumira. Kumunsi kunalibe utsi, kunalibe mlendo aliyense. Anangoona nkhalamba ikumenya chitsulo pansi pa msuku, ndi munthu mmodzi atagwada pa mulu wa dothi lofiira, akupalasa ngati galu. Anayang'anitsitsa. Anali Willard, ndipo pamene anagwadapo ndi pamene m'mawa panali pakamwa pa dzenje la Lourenco.

Rosa anaimirira pathanthwe.

"Bwererani! Si nkhondo! Dzenje lagumuka! Rute! Abale anga, ndi Lourenco!"

Phiri linangomubwezera mawu ake. Ankadziwa kuti anthu ali pomwepo, m'mapanga ndi m'zitsamba, akumumva. Ankadziwanso chifukwa chake sakutuluka. Kwawo kuja, anthu a mfuti akagwira mmodzi, ankamuloza mfuti m'khosi kuti aitane abale ake mayina, awauze kuti zatha. Iye mwini anamvapo mlongo wake akumuitana chotero, ndipo sanatuluke.

Anatsika chothamanga, n'kufikira pamsuku.

"Abambo, lekani! Lekani!"

A Ambrose thukuta linali kamukamu. "Anthu anu ali kuti, mayi? Ndikuona makasu okhaokha! Munthu ali pansi!"

"Athawa. Chitsulo chanuchi ndicho chawathawitsa. Kwathu chikalira chonchi ndiye kuti akubwera kudzatipha."

Nkhalambayo inamuyang'ana, nyundo ili m'mwamba. Nyundoyo inatsika pang'onopang'ono mpaka inagwera m'fumbi.

Rosa sanadikire. Anatola khasu n'kuthamangira kudzenje. Willard ankalira uku akukumba.

"Ndinamva ngati munthu wapuma mwamphamvu," anatero, "kenako chingwe chinangolimba. Mlamu, ndayesa, dothi likubwerera."

Linkabwereradi. Akachotsa ndowa imodzi, m'mbali munkatsika ina. Pankafunika anthu ambiri, ena okumba, ena otaya dothi kutali, ena otchinga m'mbali ndi mitengo. A Ambrose anafika akutsimphina, anagwada, n'kuyamba kukokolola ndi manja, msana wawo ukulira. Atatu basi.

Rosa anaona kuti sizitheka. Kusiya khasu kunali ngati kumusiya Lourenco, koma analisiya. Anathamangira m'chisakasa chofolera theka, anakokera ng'oma panja, n'kuiika pakati pa miyendo. Mkazi sankaomba ng'oma imeneyo, koma kaombedwe kake ankakadziwa, kaja ka Lamulungu m'mawa, kodekha. Manja ankafuna kuthamanga. Anawaletsa, poti ng'oma yothamanga ikanangowathawitsa kawiri. Anaomba ngati palibe chachitika, ngati anthu akusamba kuti abwere ku mapemphero, uku maso ali pa mulu wa dothi.

Anaomba nthawi yaitali. Mthunzi wa chisakasa unachoka pa mapazi ake n'kuyamba kutalika.

Woyamba kutuluka anali Rute. Anaima m'mphepete mwa thengo, akuyang'ana uku ndi uku ngati gwape. Ataona kuti woombayo ndi Rosa yekha, kumbuyo kwake kulibe munthu, anatembenuka n'kukodola. Anatuluka wina, kenako wina. Ankabwera choyenda, mosakhulupirira, koma akangoona mulu uja ankathamanga. Nthawi yomweyo anatulukiranso Che Shaibu, wogula miyala wa ku Mangochi, ndi anzawo akuchokera ku mzikiti. Anavula mikanjo yawo yoyera, n'kuipachika pazitsamba.

"Mizere iwiri!" anakuwa Che Shaibu. "Dothi litayidwe uko! Inu achimwene, zulani mitengo ya denga ija, titchingire m'mbali!"

Anazula mitengo ya chisakasa chimene ankafolera m'mawa. Tsopano ntchito inayenda. Anthu ankagwira mwakachetechete, osayang'anana kumaso. Anatsata chingwe mpaka pamene dzenje linakhotera cham'mbali. Pamenepo panali pothina, ndipo analowa Che Shaibu okha, poti anali ochepa thupi. Anakhalitsamo. Kenako chingwe chinagwedezeka.

Lourenco anam'tulutsa dzuwa litapendeka. Dothi lofiira linali m'tsitsi, m'makutu, m'kamwa. Che Shaibu anam'goneka pansi, anaika khutu pachifuwa, n'kunong'ona pemphero la kwawo. Kenako anatenga mkanjo wawo pachitsamba n'kumufunditsa.

"Amayi," anatero kwa Rosa, maso ali pansi, "sanavutike. Dothi linam'menya kamodzi. Ngakhale tikanakhala pomwepa tonse, sizikanasintha."

Rosa anagwedeza mutu. Maliro anayamba kumbuyo kwake, koma iye misozi inali isanabwere.

Anam'nyamulira kunyumba. Amuna asanalowe kudzasambitsa thupi, Rosa anapempha kuti akhale naye kaye yekha. Anatenga beseni ndi kansalu, anapukuta nkhope, anachotsa dothi m'makutu. Kenako anatulutsa dzanja pansi pa mkanjo.

Zikhadabo zinali zitathothoka. Nsonga za zala zinali zosupuka mpaka mnofu, dothi litaumira pamodzi ndi magazi. Dzanja linalo chimodzimodzi. M'mawa manja amenewa anali abwinobwino, anawaona akunola piki. Munthu amene dothi lam'menya kamodzi sakhala ndi zala zotero. Lourenco anakhala moyo m'menemo, akukumba cha kumwamba, ndipo anakumba nthawi yaitali.

Anatsuka chala chilichonse payekhapayekha. Madzi a m'beseni anafiira. Atatha anang'amba mpango wake pakati, anakulunga manja onse awiri, n'kuwapinda pachifuwa. Akalowa osambitsa adzawauza kuti kwawo amatero.

Pakhomo panamveka kutsokomola.

"Odi, mayi."

Anali a Ambrose. Sanalowe. Anakhala pansi pakhomo penipeni, chipewa chili m'manja, maondo a buluku ali ofiira ndi dothi. Ankaoneka ngati akalamba zaka zambiri kuchokera m'mawa.

"Malo alipo kuseri kwa tchalitchi chathu," anatero. "Inu manda mulibe kuno. Mapemphero muchite anu, mmene mumachitira. Ine ndingokumba nawo."

"Zikomo, abambo."

Anapotokola chipewa chija.

"Nthawi yonseyi ndinkati mumatinyoza," anatero. "Lamulungu lililonse ndinkamenya chinthu chija, ana anu akumva." Anakweza maso. "Che Shaibu akuti anapita nthawi yomweyo. Koma iwo ndi munthu wachifundo, angathe kungonena. Inu mwamuona, mayi. Ndiuzeni. Ndikanapanda kuimba, ndikanangotsika n'kudzakuitanani pakamwa, akanakhala moyo?"

Rosa anayang'ana nkhalambayo. Manja awo nawonso anali osupuka. Anakoka mkanjo pang'ono, n'kuphimba pachifuwa pa mwamuna wake.

"Anapita nthawi yomweyo, abambo," anatero. "Pitani mukasambe, mudye kanthu. Mawa kuli ntchito."

A Ambrose anapuma mozama, anagwira mphuthu ya chitseko, n'kudzuka movutikira. Rosa anamvetsera mapazi awo mpaka anazimirira. Kenako ananyamula beseni, natulukira kuseri kwa nyumba, kukataya madziwo kumene sangaonedwe ndi munthu.