Bulangete pa Kompyuta

Moni owerenga anga. Tiyamike Mulungu amene watisungira mpweya mpaka lero.

Mayi wina wamasiye anali ndi mwana wamkazi wachisamba, wokonza makompyuta. Malemu bambo a m'nyumbamo ankaimba nyimbo zotamanda Ambuye, ndipo mawu awo anatsala m'makaseti akale odukaduka. Mwanayo anawakopera mu kompyuta ya pabalaza kuti awachotse phokoso, koma kompyutayo inkayenda ngati bilimankhwe.

"Amayi, ndaiwonjezera liwiro kuposa mmene anaipangira," anatero m'mawa wina akumanga nsapato. "Timakweza pang'onopang'ono, kenako n'kuiyesa ngati sikutentha kwambiri. Lero igwire ntchito tsiku lonse. Musaizimitse."

"Ndizimitse ine? Bambo ako ali m'menemo?"

Dzuwa litakwera, kompyuta ija inayamba kubuula. Timafani take toiziziritsa tinkalira, bokosi lonse likunjenjemera patebulo. Mayi aja anaikhudza ndi kuseri kwa dzanja monga ankachitira pachipumi pa ana awo. Yotentha! Kutentha ndi kunjenjemera zikakumana, mayi aliyense amadziwa chochita. Anatenga bulangete lolemera, naifunditsa bwinobwino, n'kupindira m'mbali kuti mphepo isalowe. Kenako anapita kukachapa.

Pobwerako anapeza kuli zii. Galasi la kompyuta linali bii, pabalaza ponse pakununkha pulasitiki wotentha. Anangoti khwethe pansi, manja kumutu. Kuika mwamuna m'manda kawiri!

Mwana uja atalandira foni ya mayi ake anafika ali wefuwefu, naima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Amayi! Bulangete?"

"Imanjenjemeratu, mwanawe."

"Si malungo, Amayi! Timafanito timatulutsa kutentha. Inu mwaitseka mphuno ndi pakamwa pomwe!"

"Nanga iwe umaithamangitsiranji? Imadziyendera yokha mwaulemu."

Mwanayo anafundukula bulangete lija, natsegula m'mbali mwa bokosi. Atakhudza chitsulo choziziritsa pulosesa, ubongo wa kompyuta, anabweza chala msanga.

"Ikatentha mopyola muyeso imadzizimitsa yokha," anatero ndi mawu otsika. "Tingopemphera kuti inazima nthawi yabwino."

Anaidikira kuti izizire, onse atakhala pansi, milomo ya mayi ikuyenda ndi pemphero. Kenako mwanayo anadina batani. Zii. Anadinanso. Kaphokoso kanati pii, galasi n'kuwala. Asanachite china chilichonse, anabwezera liwiro pamene linali poyamba.

Nyimbo zonse zinalimo, kupatula imodzi, imene kompyuta inali kuikonza pamene inazima. Imeneyo inatsala theka.

"Kaseti yake ilipo?" anafunsa mayi.

"Inaduka sabata yatha."

"Nanga sunasunge kwina?"

Mwanayo anaweramitsa mutu. "Ndimati ndisunge ikatha kuyera."

"Iyimbe choncho."

Mawu a malemu anadzaza pabalaza, akulu, oyera ngati mwiniwake waima pakhomo. Anakwera, nakwerabe, kenako pakati penipeni pa ndime yachiwiri anangoti du. Awiriwo anayang'anizana. Misozi ya mwanayo inagwera pa mabatani.

Mayi aja anakoka mpweya, nayambira pamene mwamuna wawo analekezera. Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe.

"Chikujambula mawu anga ichi?" anafunsa atamaliza.

"Ayi, Amayi."

"Ndiye yatsa. Ndiyambirenso ndikadali ndi mpweya."

Owerenga anga, Ambuye akusungireni mawu a okondedwa anu, ndipo mtendere wawo ukhale m'nyumba zanu. Ameni.