Pakamwa pa Sisteri

Dzina loti Sisteri anamupatsa sabata yomwe anayamba ntchito pa shopu ina ya utelala. Singano itamubaya chala anangoti, "Mayo ine," n'kuyamwa magaziwo mwakachetechete, ndipo anzake anaseka mpaka makina onse anaima, amvekere ameneyu ndi sisteri wa ku tchalitchi. M'tauni ya kuchigwa imeneyo munthu singano ikamubaya amatukwana singanoyo, amene anaipanga, ndi amake a amene anaipangayo. Kumeneko kutukwanana ndiye moni. Wogulitsa tomato amatukwana kasitomala amene amamukonda, kondakitala amatukwana dalaivala wake basi isananyamuke, ndipo munthu akayamba kukuyankhula mwaulemu wonyanya umadziwa kuti mwadana.

Kwawo kwa Sisteri, kumapiri, zinali zina. Bambo ake anachita kumwalira asananenepo "galu iwe" ngakhale kwa galu weniweni. Mchimwene wake tsiku lina anati "chitsiru" kwa mnzake pa mpira, amayi awo n'kukhala masiku atatu osamuyankhula.

Tsopano panali patatha zaka ziwiri chibwerere kuchigwako. Anali ndi kachipinda kake ka zenera limodzi, bedi, ndi kamatilesi katsopano kamene kanali kadakali m'pulasitiki. Kamatilesiko kanali ka Nunu, mwana wake wa zaka zinayi, amene anamusiya kwa amayi ake pobwera. Amayiwo anali atanena pa foni, mawu awo osakwera osatsika: "Ndibwera naye Lachisanu. Ndidzaone pamene umagona ndi anthu amene umaswera nawo, poti mwanayu azikaswera pomwepo. Ndikakhutira ndidzamusiya. Ndikapanda kukhutira tidzabwerera limodzi."

Lachinayi masana Sisteri anaimitsa makina ake, napita pa tebulo lodulira nsalu. Pamenepo panali eni shopu, mayi wathupi amene aliyense ankawatchula kuti Mayi Sizasi, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu.

"Ndili ndi pempho," anatero Sisteri.

"Lankhula, mbuzi iwe, nsalu ikundidikira."

"Mawa kubwera amayi anga ndi mwana. Ndimati... pakamwa. Tsiku limodzi lokha."

"Pakamwa pathu patani? Pakununkha?" Anafunsa choncho ndi telala mnzake, Zipi, amene anamutcha dzinalo chifukwa milomo yake sinkatsekeka.

Mayi Sizasi anaika sizasi pansi n'kumuyang'ana nthawi yaitali. "Ukuchita nafe manyazi."

"Ayi, si choncho. Kungoti kwathu..."

"Kwanu amatsuka lilime ndi sopo, tinamva. Chabwino." Anatembenukira kukhomo lakuseri, kumene bambo wosita zovala ankakupiza simbi yake. "Makala! Wamva, nyani iwe? Mawa ndiwe m'busa."

Sisteri anabwerera pa makina ake nkhope ikutentha. Msoko umene anasoka pambuyo pake unakhota, anachita kuuphwasula wonse.

Amayi ake anafika Lachisanu m'mawa ndi chikwama chimodzi cha zipi, Nunu ali kudzanja. Mwanayo anali atatalika, ndipo poyamba anabisala kuseri kwa siketi ya agogo ake. Anayendera kachipinda kaja, amayiwo nakhudza kamatilesi ndi chala, nayang'ana loko ya chitseko. Kenako anapita ku shopu.

Sisteri sanaizindikire shopuyo. Pansi panali posesa mpaka m'makona. Wailesi inali yozimitsa. Mayi Sizasi anapukuta mpando ndi mkono wa bulauzi yawo nati, "Takulandirani, amayi, khalani apa," mawu akutuluka movutikira ngati munthu amene wavala nsapato zothina.

Ntchito inayamba. Kunkangomveka makina okha.

"Mayi Zipi," anatero Mayi Sizasi patapita nthawi, "mungandibwerekeko ulusi wakuda, ngati sindikukuvutitsani?"

"Tengani, mayi, palibe vuto ngakhale pang'ono," anayankha Zipi, maso ali kudenga, mapewa akugwedezeka pobisa kuseka.

Khala lamoto linagwera Makala pa phazi. Anadumpha, natsegula pakamwa, naona mlendo, nameza malovu. "Dzina la Ambuye lidalitsike," anatero misozi ikulengeza.

Cha m'ma leveni kunalowa kasitomala wakale kudzatenga yunifolomu ya mwana wake. Ali pakhomo pomwe anayamba, "Iwe mfiti yokalamba, diresi lija..." Mayi Sizasi anamugwira mkono n'kumukankhira kunja. "Tikambirane panja, mayi, chonde."

"Chonde? Mayi?" Mawu a kasitomalayo anamveka pazenera, odandaula zenizeni. "Ndakulakwira chiyani ine?"

Zonsezi Sisteri ankaziona ndi kona ya diso, mtima uli m'mwamba. Ankaona mmene Zipi ankalumira mlomo, mmene Mayi Sizasi ankapumira ngati akwera phiri. Anthu awa ndi amene anamugoneka pansi pa tebulo lodulira nsalu mwezi wathunthu asanapeze nyumba. Lero anawasandutsa alendo m'shopu yawo yomwe.

Koma zinkayenda. Nunu anazolowera, nakhala pansi kumasanja mabatani m'chivundikiro cha chitini. Zipi anamusokera kachidole ka zidutswa za nsalu. Dzuwa litapendeka, amayi a Sisteri anaweramira kwa mwana wawo.

"Anthu aulemu," ananong'ona. "Kungoti saseka, kaya kuli zovuta. Koma malo ndi abwino. Mwana akhoza kumaswera pano."

Sisteri anaweramira pa nsalu yake ndi chimwemwe. Anaponda makina mwamphamvu kuti asalire.

Makala ndiye anaiwala. Anasiya simbi yodzaza makala amoto pa benchi yaifupi n'kupita kukatunga madzi owazira zovala. Batani limodzi linagubuduzika kulowera pansi pa benchiyo, Nunu n'kulitsatira chokwawa, ndipo podzuka anatambasula dzanja kuti agwirire pa chinthu chowala chija.

Sisteri sanadziwe kuti wadumpha liti. Anangopezeka wamukoka mwanayo ndi diresi, mpando wagwa, ndipo pakamwa pake patseguka pokha. Anayamba ndi "Makala, galu iwe, chimutu ngati ndowa!" koma sanalekere pomwepo. Anatchula za m'kabudula mwake chimodzichimodzi. Anapitirira kwa amake a Makala, natchula malo amene kwawo kumapiri ngakhale anamwino amachita kuwazungulira. Mawuwo anatuluka osapunthwa, mwadongosolo, ngati pemphero limene munthu amalinena tsiku ndi tsiku.

Mwana sanapse.

Kenako Makala anaphulika ndi kuseka, ndowa ya madzi ili m'manja. "Eee, wabwera Sisteri wathu! Ndimayesa watifera!" Zipi anawomba m'manja, Mayi Sizasi anamasula mpweya wa tsiku lonse nati, "Zikomo, mbuzi iwe, ndikanaphulika." Ndipo chifukwa onse anali okondwa kuti mwana wapulumuka, anaiwala kuti mlendo ndi wa kuti.

"Amayi," anatero Zipi akupukuta misozi, "mwana wanuyu anabwera wosadziwa kanthu. Tinamuphunzitsa ndife, koma lero watiposa tonse. Mwezi watha kondakitala wina anafuna kumubera malo, iyeyu anamusambitsa ndi mawu otukwana mpaka basi yonse inaimirira kumuwombera m'manja. Muzinyada naye!"

Ankanena ndi mtima wonse, ngati mphunzitsi amene akuuza kholo kuti mwana wakhoza mayeso.

Sisteri sanathe kudzutsa mutu. Ankangoona mapazi a amayi ake, atagundana bwinobwino m'nsapato zawo zakuda za ku tchalitchi. Mapaziwo sanasunthe.

Nunu, ali m'manja mwake, analoza simbi ija ndi kachala. Ndi mawu ake ang'ono omveka bwino anabwereza liwu lomaliza lija, la amake a Makala. Analinena kawiri, chifukwa linkamukomera pa lilime.

Apa palibe anaseka. Zipi anagwira pakamwa. Mayi Sizasi anayang'ana mlendo, nayang'ana Sisteri, ndipo nkhope yawo inagwa.

Amayi a Sisteri anaimirira, nakonza mpango wawo wakumutu. "Zikomo potilandira," anatero kwa eni shopu. "Mwatisunga bwino." Anatenga Nunu kudzanja.

Sisteri anawatsatira. Anadutsa pa msika pamene amayi awiri ogulitsa nthochi ankatukwanana uku akugawana chenje n'kumaseka, ndipo Sisteri analakalaka atatseka makutu a msewu wonse. Atafika m'kachipinda kaja, amayiwo anatsegula chikwama. M'mawa anali atatulutsamo madiresi atatu a Nunu, juzi, ndi kapu yake ya pulasitiki. Anayamba kuzipinda n'kumabwezeramo.

"Amayi, ndinachita mantha. Akanapsa."

"Ndinaona. Unachita bwino kumukoka."

"Kuno satanthauza zoipa. Ndi mmene amayankhulira basi. Makala uja ndi munthu wabwino, amake omwe amabwera pa shopu, amaseka nafe."

"Ndaona kuti ndi anthu abwino. Avutika tsiku lonse chifukwa cha ine." Anapinda juzi, naisalaza ndi dzanja. "Iwo anabadwira momwemo, sindingawaweruze. Koma mawu aja sanatuluke mwa iwo."

Sisteri anafuna kunena kuti munthu sungakhale zaka ziwiri pakati pa anthu uli bubu, kuti tsiku limene anatukwana koyamba ndi limene anasiya kudya yekha pa ngodya. Koma poyesa kukonza mawuwo m'chiyankhulo cha kwawo, cha amayi ake, ankangomveka ngati akudzikhululukira. Anakhala pa bedi, manja ali pakati pa mawondo.

Loweruka m'mawa anawaperekeza ku depoti. Ananyamula Nunu njira yonse ngakhale mwanayo ankafuna kuyenda yekha. Kondakitala wa basi yawo anali kukuwa zake kwa mnzake wa basi ina, ndipo Sisteri anamva lilime lake lomwe likuyabwa kufuna kumuuza kuti atseke pakamwa, m'mawu okhawo amene kondakitalayo akanamva. Analuma mano.

Amayi ake anakhala pa mpando wa pazenera, Nunu pamiyendo, kachidole ka zidutswa kali m'manja. Sisteri anaima pansi, nagwira m'mphepete mwa zeneralo.

"Mudzabwera naye liti, amayi?"

Amayiwo anakonza kolala ya diresi la mwanayo, nayang'ana kutsogolo kumene dalaivala ankaliza injini.

"Ayambe waiwala," anatero.

Basi inasuntha. Sisteri anayenda nayo masitepe angapo, dzanja lidakali pa zenera, mpaka pamene inakhotera pa geti ndipo anayenera kusiya.